Azakhali Amadina Kawiri

Ntchito yanga ndi yovuta kuifotokoza kwa abale. Ndikanena kuti ndimapanga mapulogalamu a pafoni, amatulutsa mafoni awo akufa kuti ndiwadzutse. Ndikanena kuti ayi, ine ndimangosankha mawu olembedwa pa mabatani ndi malo oika mabataniwo, amandiyang'ana ndi diso lonena kuti mwana uyu wapeza njira yozembera ntchito. Ndinasiya kukangana nawo. Koma munthu akatsegula foni amakumana ndi ine poyamba, ndipo akasochera pamene ndaima ine, zonse zimene anzanga aluka kuseri zimakhala zopanda pake.

Chaka chimene ndikusimbachi tinali anthu awiri mu kaofesi ka m'tauni ya Chipata, pamwamba pa sitolo ya makasu, mapulawo ndi zingwe. Sitoloyo inali ya bambo ake a mnzanga wa ntchito, banja la Asilamu limene makolo awo anachokera ku Malawi kalekale. Mnzangayo ndiye ankalemba zam'kati mwa pulogalamu, zimene maso saona, ndipo ine ndinkajambula nkhope yake. Iye ndi munthu wofatsa, wa mawu ochepa. Ine mawu ochepa sindinabadwe nawo. Abwana athu ankakhala ku Lusaka, tinkangowamva pafoni, ndipo nthawi zambiri zimenezo zinkatikomera tonse atatu.

Ntchito tinaipeza kwa bungwe lina la alimi a ng'ombe ku Kasenengwa. Kumeneko kuli chigodola, matenda obwera ndi nkhupakupa, amene amalusa mvula ikagwa ndipo amasesa kwambiri ana a ng'ombe. Katemera wake alipo, koma ndi wovuta kusunga. Amabwera kuchokera kutali ali m'chozizira, ndipo botolo likatsegulidwa liyenera kutha tsiku lomwelo. Choncho dokotala wa ziweto sangangopita kumudzi mwachisawawa. Amafuna adziwiretu kuti kumudzi wakuti kuli ana a ng'ombe okwanira botolo, apo ayi amapita kwina. Kale mayina ankalembedwa m'makope, makopewo n'kumanyowa, kusochera, kapena kufika mochedwa. Bungwelo linafuna kuti mlimi azilembetsa yekha pafoni, yake kapena yobwereka kwa mnansi.

Ku Kasenengwa komweko kuli azakhali anga, alongo awo a bambo anga. Amuna awo anamwalira n'kuwasiyira khola lodzaza, koma chigodola chinalidya pang'onopang'ono, chaka ndi chaka, mpaka munatsala ng'ombe imodzi yaikazi, yokalamba kale. Chaka chimenecho ng'ombeyo inabereka kathole kofiira, kakakazi, ndipo aliyense ankadziwa kuti kubereka kwake n'komaliza. Kathole kameneko kakanafa, khola la azakhali likanathera pomwepo. Iwo anandiuza zimenezi osapita m'mbali, tsiku limene anamva kuti za katemera zili m'manja mwanga.

"Iwe mwana wa achimwene, kathole kanga kaja ukakaiwala, usadzapondenso pakhomo pano," anatero.

Ndinaseka, ndinawauza kuti foni siiwala.

Mawu a pa menyu, mndandanda uja umene umaonekera ukatsegula pulogalamu, ndinawagwirira ntchito ndi mtima wonse. Ku Lusaka anatitumizira mawu awo otanthauziridwa kale: Makonzedwe, Zokonda Zanu, Ntchito Zina, Mbiri. Ndinawawerenga ndili ndekha ndipo ndinapsa mtima. Mlimi wosiya khasu pakati pa mzere kuti atsegule foni, zokonda zake n'zotani pamenepo? Ndinafufuta zonse. Ndinalemba mizere itatu yokha, uliwonse wonena chimene munthu wabwerera: Lembetsani katemera, Onani tsiku la katemera, Itanani alangizi. Bambo anga anali aphunzitsi a sukulu ya mishoni, ndipo ankati chikwangwani chofuna munthu woima pambali kuti achifotokoze ndi thabwa chabe. Mizere itatu ija ikanawakondweretsa, ndipo mpaka lero sindinasinthepo ngakhale chilembo.

Pamene ndinagwera m'mbuna ndi pa tsamba lachiwiri. Munthu akadina Lembetsani katemera, ankaona ana a ng'ombe ake atandandalikidwa, ndipo pambali pa aliyense ndinaikapo kaswichi. Ndi kanthu kooneka ngati kanjere ka nyemba kokhala ndi kadontho mkati. Ukakakhudza, kadontho kamapita kumanja, kaswichi kamabiriwira, ndiye kuti walembetsa. Ukakakhudzanso, kadontho kamabwerera kumanzere, ndiye kuti wafufuta. Ndinakajambula mosamala zedi, m'mbali mwake mozungulira bwino, ndipo ndinakakonda. Abwana anakayamikira. Ine ndi mnzanga tinakayesa mu ofesi kambirimbiri ndi zala zathu zofewa za anthu odya za m'sitolo, ndipo sikanalakwitse ngakhale kamodzi. Tinapitanso kukaonetsa atsogoleri a magulu a alimi. Ndinaima patsogolo pawo, ndinadina ndekha, iwo n'kumagwedeza mitu.

"Zamveka?" ndinafunsa.

"Zamveka bwino, amayi, zikomo kwambiri," anayankha onse pamodzi.

Ndinabwerera ku Chipata phewa lili m'mwamba. Ine wobadwira konkuno ndinaiwala kuti kwathu mlendo akakuonetsa chinthu chake sumuuza pamaso kuti n'chokhota. Akuluakulu anati mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Patapita masabata atatu, Lolemba m'mawa, dokotala wa ziweto anakwera masitepe a ofesi yathu ali ndi pepala m'manja. Ndi munthu wamtali, wosakonda kukhala pansi. Anati mayina ndi ochepa modabwitsa, midzi yambiri ilibe ngakhale theka la botolo. Midzi iwiri ya kutsidya kwa mtsinje anali ataidumpha kale sabata yathayo, katemera wake n'kupita kwina. Ananena kuti Lachisanu atseka mndandanda wa midzi yotsala. Ndinatenga pepalalo n'kutsetsereka ndi chala mpaka pa mudzi wa azakhali. Panali mayina anayi okha, ndipo la azakhali panalibe.

Ndinawaimbira nthawi yomweyo. Ndikuvomera kuti sindinayambe ndi moni wokwanira.

"Azakhali, mwandiopseza ine kuti ndisaiwale, ndiye mwaiwala ndinu?"

"Ndaiwala chiyani?"

"Kulembetsa kathole."

"Iwe, ndinalembetsa tsiku loyamba lomwe. Ndinalembetsanso mawa lake kuopa ngozi. Usandinamizire ine, makina akowo ndiwo aledzera."

Ndinauza mnzanga kuti okalamba athu ndi ovuta, amati achita chinthu chimene angochiganiza. Iye anangondiyang'ana pamwamba pa magalasi ake, kenako anati, "Pitani mukaone." Ndinadziwa kuti akunena zoona, ndipo zimenezo zinandinyansa kwambiri.

Lachiwiri ndinanyamuka ku Nabvutika kumene ndimakhala, ndinakwera minibasi, kenako njinga yamoto, ndipo ndinafika kwa azakhali dzuwa lili paliwombo, fumbi mpaka m'makutu. Unali mwezi wa Okutobala, kutentha kosati masewera. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusenda mtedza wa mbewu. Kathole kanali kamangidwa chapafupi pamthunzi, kakutafuna chingwe chake. Titapatsana moni, wautali tsopano polipira wadzulo uja, ndinawapempha kuti andionetse mmene analembetsera. Ndinalumbira mumtima kuti sindikhudza foni, ndipo manja anga ndinawakhalira.

Anapukuta manja pa chitenje, anatulutsa foni imene mwana wawo wa ku migodi anawatumizira, galasi lake losweka pakona. Menyu anaiwerenga mokweza, mzere ndi mzere, ndipo anadina woyamba osazengereza. Pamenepo mtima wanga unati myaa. Tsamba lachiwiri litatseguka, anaika chala chachikulu pa kaswichi n'kudina. Asanachotse n'komwe maso, anadinanso, mwamphamvu kuposa poyamba.

"Basi, kalembedwa," anatero, n'kundipatsa foni.

Kadontho kanali kumanzere. Kanali kapita n'kubwerera ine ndikuona.

"Azakhali, mwadiniranji kachiwiri?"

"Aa, nanga chinthu chofunika n'kudina kamodzi? Thumba la chimanga umamanga mfundo imodzi iwe?"

Anandifotokozera ngati akuphunzitsa mwana kuti mafoni awo akale a mabatani ankafuna kubwereza chifukwa mabataniwo ankatha, ndipo foni yagalasiyi nthawi zina siimva chala chawo ndi pang'ono pomwe. Anandionetsa chalacho. Khungu lake linali lolimba, long'ambika m'mbali, ntchito ya khasu ya zaka zambiri. Ndiye anazolowera kudina kamodzi kogogoda, kachiwiri kotsimikiza. Ndinawafunsa ngati sanaone kuti mtundu wasintha n'kubwereranso. Anakweza foni padzuwa n'kundiuza kuti ndiyang'ane ndekha. Panja pamenepo chobiriwira changa chokongola chija ndi chotuwa zinali chimodzimodzi.

Ndinayesa kudziteteza. Ndinati kaswichi kameneka kamagwira ntchito ngati swichi ya magetsi ya pakhoma, ukadina kuyaka, ukadinanso kuzima. Azakhali anatembenuka n'kuyang'ana khoma la nyumba yawo kwa nthawi yaitali, mwadala, kenako anandiyang'ana ine.

"Pakhoma liti?" anafunsa.

Manyazi amene anandigwira pamenepo sindinawaiwale. Ndinatenga chinthu cha m'nyumba za m'tauni n'kuchipereka kwa anthu amene sanachigwirepo, kenako n'kuwanena kuti ndi ovuta.

Masana omwewo azakhali anandiyendetsa makomo asanu ndi limodzi, ndipo paliponse ndinapempha chimodzimodzi, manja ndili nawo kumbuyo. Onse anadina kawiri kupatula awiri. Mmodzi anali mayi wachitsikana amene anakhalako ku Chipata, iye anadina kamodzi. Wina anali bambo wodziwika m'mudzimo ndi mtima wapachala, amene anadina katatu uku akutukwana foniyo, ndipo dzina lake linalowa bwinobwino. Azakhali anaseka mpaka kugwira nthiti. Anati kwa nthawi yoyamba ukali wa bambo ameneyo wabereka chipatso. Ine ndinaseka nawo, koma ndinkaganiza za midzi iwiri ya kutsidya ija imene inadumphidwa kale.

Lachitatu m'mawa mnzanga anatsegula zolembedwa zam'kati, mmene pulogalamu imasungira chilichonse chimene chadinidwa. Zinali momwemo. Dzina ndi dzina, kulembetsa n'kufufuta nthawi imodzimodzi, mudzi ndi mudzi. Anthu anachita mbali yawo pa nthawi yake, ena kangapo konse, ndipo kaswichi kanga kanawafufuta onse mwaulemu. Ndinati tingowawerengera onsewo ngati olembetsa. Dokotala titamuimbira anakana. Anati katemera ameneyu sabaya chiweto cha munthu mongoganizira, mwini wake ayenera kuvomera momveka, ndipo pakati pa odina kawiriwo pangakhale ena amene anasinthadi maganizo. Ndinamuchonderera mpaka anavomera kudikira kufikira Lolemba lotsatira, osapitirira pamenepo, chifukwa mitambo inali itayamba kusonkhana.

Kenako tinaimbira abwana ku Lusaka. Ndinawauza kuti kaswichi kachoke.

"Manje imwe," anatero m'chinyanja chawo cha ku Lusaka, "ka swichi kaja kali chabe bwino. Mafoni yonse pa dziko yali nako. Muwaphunzise chabe kudina kamozi."

"Abwana, anthu amenewa akhala akubwereza chinthu chofunika kuyambira ife tisanabadwe. Ine ndiwasinthe pofika Lolemba?"

"Koma mukachosa izaoneka monga pulogalamu yakudala."

"Ioneke yakale, bola ng'ombe zikhale zamoyo. Ng'ombe sizidziwa fashoni."

Mnzanga anandiponda phazi pansi pa tebulo, koma mawu anali atatuluka kale. Kenako abwana anati tichite zimene tikufuna, koma zikakanika ndidzakafotokoze ndekha kwa a bungwe. Ndinavomera msangamsanga asanasinthe maganizo.

Ndinatenga katoni ya sopo pansi m'sitolo, ndinaidula timapepala tofanana ndi foni, ndipo ndinayamba kujambula ndi cholembera. Lamulo langa linali limodzi: munthu adine kamodzi, kawiri, kakhumi, zotsatira zikhale zomwezo. M'malo mwa kaswichi ndinaika funso lolembedwa ndi zilembo zazikulu, lakuti kodi mwana wa ng'ombe uyu abayidwe katemera. Pansi pake mabatani awiri aakulu, otalikirana kuti chala chonenepa chisaphatikize. Lina linati Inde, abayidwe. Linalo linati Ayi, asabayidwe. Mnzanga anafunsa chifukwa chake sindinangolemba Inde ndi Ayi. Ndinati munthu wowerenga pang'onopang'ono akamafika pa batani amakhala ataiwala funso, choncho batani lizinena lokha chimene lichite.

Chinatsala n'chakuti munthu adziwe kuti zatheka, popanda kudalira mtundu umene dzuwa limameza. Ndinalemba kuti akadina, tsamba lonse lisinthe, pabwere mawu akuda pa choyera onena kuti kathole kofiira kalembedwa ndipo tsiku la katemera ndi lakuti. Apa mnzanga ndiye anandipulumutsa. Anati chala chachiwiri chija chikamatera, chidzatera pa tsamba latsopanolo, ndiye pamalo pamenepo pasakhale batani lililonse. Tinasiya pamenepo poyera, ndipo batani lofufutira tinalikankhira pamwamba pakona, lokhala ndi funso lakelake. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga limenelo ndekha ndikanaligwetsa kachiwiri.

Tsopano tinafunika anthu oyesera, osati ife a zala za sopo. Bambo ake a mnzanga, amene ankamva zonse ali pa kauntala yawo, anatiitana. Ndi bambo wa ndevu zoyera amene wagulitsa makasu kwa theka la chigawo chino. Anati mwezi uno alimi akubwera okha kudzagula zipangizo mvula isanagwe, tingokhala pakhomo pa sitolo.

"Koma si aliyense, mwana wanga," anandiuza. "Uzimupatsa kaye moni wa dzanja. Amene dzanja lake likukala, ameneyo mpatse foni. Amene dzanja lake lili ngati lako, musiye apite."

Ndinachita zomwezo masiku awiri. Ndinakhala pa mulu wa zingwe pakhonde, padzuwa dala, ndikupereka moni kwa aliyense wolowa ngati wandale. Ena ankadabwa kuti mayi ameneyu akufunanji. Dzanja likandikala ndinkapempha mwini wake kuti andithandize, ndinkamupatsa katoni poyamba, kenako foni yeniyeni mnzanga atamaliza mbali yake, ndipo ndinkatseka pakamwa. Kutseka pakamwa kumeneko ndiyo inali ntchito yaikulu kwa ine. Ndinasiyanso kufunsa kuti zamveka. Ndinkangoti tiyerekeze kuti muli ndi kathole, kalembetseni, kenako ndiuzeni ngati kalembedwa kapena ayi, ndipo mwadziwa bwanji.

Anandiphunzitsa zambiri anthu amenewo. Mayi wina wa ku Kasenengwa komweko anati zilembo zanga n'zoonda ngati za m'nyuzipepala, ndinazinenepetsa. Bambo wina anaphimba batani la Ayi ndi chikhatho pogwira foni, tinalisuntha. Wina anafunsa kuti tsiku la katemera talemba ndi manambala bwanji, iye amadziwa Lachiwiri ndi Lachinayi, tinalemba dzina la tsiku patsogolo. Pafupifupi onse anadina kawiri, ndipo palibe chimene chinafufutika. Pofika Lachisanu m'mawa anthu ankadina, n'kuwerenga, n'kundibwezera foni akunena okha kuti kalembedwa, osandiyang'ana kumaso kuti ndiwatsimikizire. Mnzanga anatumiza pulogalamu yatsopanoyo ku mafoni onse nthawi ya mapemphero isanakwane, anavala kapu yake yoyera n'kutsika kupita ku mzikiti ndi bambo ake.

Panatsala kuti anthu amve kuti alembetsenso. Uthenga wa pafoni tinatumiza, koma ndinkadziwa kuti ambiri amauona ngati wa otsatsa malonda. Ndinaimbira atsogoleri a magulu mmodzimmodzi n'kuwapempha kuti akalengeze m'matchalitchi Lamulungu, pa nthawi ya zolengeza. Ndinawauza kuti akanene poyera kuti cholakwa chinali cha ife opanga, osati cha alimi. Mmodzi anafunsa ngati ndikufunadi kuti anene zimenezo pamaso pa mpingo. Ndinati anene, chifukwa munthu amene wauzidwa kuti ndi wolephera sabwereranso pa chinthu chimene chinamuchititsa manyazi. Azakhali sanadikire zolengeza. Loweruka anayenda mudzi wonse ndi foni yawo, khomo ndi khomo, akubwereketsa aliyense wopanda foni ndi kuwauza kuti adine mmene akufunira, mwana wa achimwene awo wakonza.

Lolemba m'mawa ndinafika ku ofesi sitolo isanatsegulidwe, ndinadikira panja ndi ogulitsa nthochi. Mnzanga atafika tinakwera, anatsegula mndandanda, ndipo anatembenuzira kompyuta kwa ine. Mudzi wa azakhali unali wodzaza mpaka kusefukira ku botolo lachiwiri. Midzi inanso chimodzimodzi. Dzina la azakhali linali pamwamba penipeni, ndipo zolembedwa zam'kati zinaonetsa kuti anadina kasanu. Panalinso anthu atatu amene anadina Ayi, ndipo ndinawakondwerera iwonso, chifukwa kukana kwawo kunamveka monga anafunira. Dokotala atabwera anawerenga pepala ataimirira monga mwa masiku onse, kenako anakoka mpando n'kukhala pansi. Anati tsopano vuto lake ndi lopeza mabotolo okwanira, ndipo vuto lotero amalikonda.

Tsiku la katemera ndinapita. Palibe amene anandituma, ndinangofuna kuona ndi maso anga. Anthu anasonkhana pabwalo la pafupi ndi dibi lakale losambitsiramo ng'ombe, aliyense ndi chingwe m'manja, ana a ng'ombe akulira, amayi awo akuyankha kuchokera m'makola. Dokotala ankaitana mayina kuchokera pa pepala, ndipo dzina lililonse linali ndi mwini wake pomwepo. Kathole ka azakhali kanavuta, kanagwetsa bambo wina m'fumbi, mpaka ndinavula nsapato zanga za ku ofesi n'kukagwira miyendo yakumbuyo. Kanabayidwa kuseri kwa khutu, kanaikidwa chizindikiro chachikasu, ndipo kanandisiyira ndowe pa siketi. Ndinanyadira tsiku limenelo kuposa tsiku limene ndinalandira satifiketi yanga. Ndinayang'ana mzere wa anthu ndi ziweto zawo ndipo ndinadziwa kuti mabatani awiri ndi mawu ochepa amene ndinalemba pa katoni ya sopo ndiwo awabweretsa pamenepo.

Mvula inabwera yambiri chaka chimenecho, udzu unakula, nkhupakupa zinachuluka, ndipo chigodola chinalowa monga mwa nthawi zonse. Midzi iwiri ya kutsidya ija inataya ana a ng'ombe. Sindikudziwa kuti angati, ndipo sindinganame kuti onse akanapulumuka, koma ndikudziwa kuti eni ake anadina pa nthawi yake ndipo kaswichi kanga kanawafufuta. Zimenezo zimandipwetekabe. Chaka chotsatira ndinaonetsetsa kuti dokotala ayambire kumeneko, ndipo ndinapita ndekha kukapepesa pamsonkhano wawo. Kuyambira pamenepo sindijambula kanthu kalikonse ka alimi ndisanakaone kakugwiridwa ndi dzanja la mlimi, panja, ine ndili chete.

Chakumapeto kwa Febuluwale, m'dzinja lomwelo la chigodola, azakhali anandiimbira m'mawa. Mawu awo anali otsika, osati aja ondikalipira. Anati ng'ombe yaikulu ija yagona ndipo sinadzukenso. Kaya chinali chigodola, kaya ukalamba, iwo sanadziwe. Ndinafunsa za kathole mtima uli m'mwamba, koma foni inaduka, ndipo nditayesanso sinalowe. Ndinasiya zonse pa tebulo n'kuthamangira ku siteji. Msewu unali woipa, wa njinga yamoto ananditsitsa patali chifukwa cha matope, ndipo mtunda wotsalawo ndinayenda wapansi nsapato zili m'manja.

Polowa m'mudzi ndinadutsa makola awiri a anansi awo a kumalire, amene ng'ombe zawo zinatha zaka zam'mbuyo. Kwathu khola likatha ng'ombe silikhala chabe. Manyowa ake ndi amphamvu, choncho eni ake amabzalamo maungu, ndipo ukaona masamba a maungu akuyanga pa mitengo ya khola umadziwa kuti pakhomo pamenepo ziweto zinatha. Makola awiriwo anali obiriwira mpaka pamwamba.

Azakhali ndinawapeza ataima pa khola lawo, atatsamira mtengo wa pachipata. Sanatembenuke nditafika. Mkatimo, m'matope ofika m'mawondo, munaima kathole kofiira kokhakokha, katakula ndithu, kakuzungulira ndi kununkhiza pamene mayi wake ankagona. Kanali konenepa, maso owala, mphuno yonyowa. Tinakayang'ana tonse awiri kwa nthawi yaitali. Kenako azakhali anamasula mfundo ya pakona ya chitenje chawo n'kundionetsa timbewu ta maungu touma bwino.

"Izi ndinasunga chaka chatha, nditaona kuti yaikulu ija yakalamba," anatero. "Ndinati chaka chino ndi changa chobzala muno."

Anatenga dzanja langa, anathiramo mbewuzo, n'kulifumbatitsa ndi manja awo awiri.

"Tenga, ukabzale kwanu ku Nabvutika kuseri kwa nyumba. Muno muli ng'ombe."